Amayi atumizireni zigamba

Pa mphatso zonse zimene Mmalawi wokhala ku Bradford angatumize kumudzi, imodzi yokha ndi imene imakhalitsa m'manja mwa mwiniwake: kachofunda ka pamiyendo kosoka wekha, kolumikiza zigamba, makamaka ngati msoko wake uli wokhotakhota. Ndikunena izi ine munthu amene ulusi umandikana pa diso la singano ngakhale magetsi onse a m'nyumba atayaka, choncho musaganize kuti ndikutsatsa luso. Luso ndilibe, ndipo mfundo yanga yagona pomwepo.

Taonani kumene mphatso zabwino zimathera. Mukatumiza mapaundi n'kunena kuti awa ndi a amayi okha, pofika madzulo ndalamayo yasanduka fizi ya mdzukulu, theka la thumba la feteleza, chipepeso pamaliro a kutsidya ndi chopereka cha ku Mvano. Amayi amatsala ndi paketi ya shuga, nayonso amamwera alendo. Bulangete latsopano la mushopu silituluka n'komwe m'pulasitiki. Limakwera pamwamba pa wadiropu kukadikira alendo olemekezeka, ndipo pakatha zaka ziwiri mumaliona pa zithunzi za WhatsApp likuperekedwa pa ukwati wa mwana wa amfumu. Jekete amabwereka achimwene popita ku Lilongwe, ndipo kubwereka kwa achimwene tonse timakudziwa. Mayi wa Chimalawi chinthu chokongola sachiyesa chake. Amangochisungira amene akuchisowa kuposa iwo. Ndiye ngati mukufuna kuti maondo a amayi afundedi, muwapatse chinthu choti wina aliyense sangachisirire, sangachigule, ndiponso sangayerekeze kuchikulunga m'pepala la mphatso.

Anzanga odziwa masamu amati izi n'zowononga ndalama, ndipo masamu awo ndi olondola. Mukaphatikiza nsalu, thonje la pakati, ulusi, sizasi, mapini ndi maola amene mukanagwira ovataimu kosamalira okalamba, kachofunda kosakwana mamita awiri kamadya mtengo wa mabulangete angapo. Ku Bradford masamuwa amapweteka kwambiri, chifukwa uno ndi mzinda umene unaphunzitsa dziko kuti manja sangapikisane ndi makina. M'zaka za m'ma 1800 unkatchedwa likulu la ubweya wa nkhosa pa dziko lonse. Titus Salt anatsegula fakitale yake yaikulu ku Saltaire mu 1853 n'kumangira antchito ake mudzi wathunthu, ndipo chumuni cha fakitale ya Samuel Lister ku Manningham mpaka lero chimaoneka uli kutali. Koma ya Salt inatsekedwa mu 1986, tsopano anthu amapitako kukaona zojambula za David Hockney ndi kumwa khofi. Nyumba ya Wool Exchange, momwe amalonda ankatsutsana mitengo ya ubweya, akugulitsiramo mabuku. Nsalu zokha sizinachoke: ana ndi adzukulu a anthu amene anachokera ku Pakistan m'ma 1950 ndi 1960 kudzagwira mashifiti a usiku m'mafakitalewa ali ndi mashopu odzaza mipukutu mpaka kudenga, ndipo palinso Bombay Stores pa Shearbridge Road. Ife timadutsa pakhomo pake popita kukafuna majuzi otsika mtengo oti titumize kwathu, komwe kaunjika ali kale mbwee. Kwa a masamu aja yankho ndi lalifupi: bulangete lotchipa limene lathera kwa mwana wa amfumu ndi ndalama yotayika yonse, pamene lodula limene lili pamiyendo ya amayi mwezi wa June likugwira ntchito imene munalipirira.

Chitsutso chimene chimandisowetsa tulo ndi china. Mwana wakhala ku Mangalande zaka zonsezi, mudzi wonse ukudikira galimoto, iye n'kutumiza zigamba? Kwathu chigamba ndi chizindikiro cha umphawi, ndipo amayi ndi amene akayankhe mafunso pachitsime, osati ife. Apa mbiri ya dera lino imatithandiza kupukuta manyazi. Ku Batley, pafupi pomwepa, Benjamin Law anayamba mu 1813 kugaya sanza zaubweya n'kupangira nsalu zatsopano, ndipo Batley ndi Dewsbury anakula ndi malonda a sanza. Kumpoto ku Durham, akazi a anthu a m'migodi ya malasha ankasoka zofunda zotere pamanja, anzawo n'kumalipira pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Lero ku Birmingham kumachitika Festival of Quilts chaka chilichonse, ndipo azungu amalipira pakhomo kuti akangoyang'ana zigamba zitapachikidwa pakhoma. Amayi akhoza kunena pachitsime paja, mosanama, kuti kumeneko ndiye fashoni yake. Komanso zimatengera zigamba zake. Dulani chitenje chija anakukulungirani musutikesi tsiku lonyamuka, shati ya malemu abambo imene simuivala koma simuitaya, nsalu ya paukwati wa achemwali, kadiresi kamene mdzukulu wawo kanamuthina asanamuone n'komwe. Woyandikana nawo adzaona sanza. Amayi adzaloza chigamba chilichonse n'kutchula mwiniwake, chaka chake ndi amene anakangana naye tsikulo, ndipo chinthu choterocho achimwene sangachibwereke.

Zoti mwamuna sagwira singano tisatayirepo nthawi. Pitani m'makhonde a masitolo ku Limbe mukawerenge amene akupalasa makina a Singer. Funso lanzeru n'lakuti bwanji osangopatsa telala. Telala adzasoka bwino, ngodya zonse zidzakumana, ndipo pofika Khirisimasi chofundacho chidzakhala pamwamba pa wadiropu. Chitetezo chili m'manja mwa anthu onga ine. Ntchito yake pofotokoza ndi yophweka: pamwamba zigamba zolumikiza, pakati thonje, pansi nsalu imodzi yathunthu, kenaka mapini ndi msoko wodutsa zonse zitatu kuti thonje lisathawire mbali imodzi pochapa. Pochita ndi pomwe mumazindikira kuti zigamba zimene munadula zofanana zasiyana zokha usiku, mzere wachitatu watalika ndi chala chathunthu kuposa wachiwiri, ndipo pangodya ina pali kadontho kofiirira kamene sikanali pa chitenje pogula. Musaphwasule. Msoko woyenda ngati munthu wochokera ku kachasu ndi umene udzabweze dzanja la aliyense wofuna kupempha.

Ena amati Malawi ndi dziko lotentha, ndipo Tsiku la Anakubala limakhala pa 15 October, nthawi imene ngakhale chitenje chimalemera pathupi. Amenewa sanagonepo ku Dedza mu July kapena kukumana ndi chiperoni ku Thyolo m'mawa. Ndipo za tsikulo musade nazo nkhawa. Munthu wa liwiro langa akayamba kusoka kuti mphatso ifike pa 15 October, amamaliza cha m'ma May chaka chotsatira, kuzizira kukungoyamba kumene. Chatsala n'kupeza wopita kumudzi amene ali ndi malo mu makilogalamu 23 ake. Perefyumu ndi mafoni zimasochera panjira pakati pa bwalo la ndege ndi kumudzi, koma ichi adzakafikitsa tsiku lomwelo, mwinanso asanakaone ana ake, kuti anthu asachione m'nyumba mwake n'kuganiza kuti anasoka ndi iyeyo.