Chambo Chatha, Bwana

Timalesitilanti ta pa Mbamba, msika waukulu wa pachilumba cha Likoma, timakonda kulemba mndandanda wa zakudya pakhoma ndi penti: nsima ya chambo, mpunga wa nkhuku, tchipisi cha mazira, nyama ya ng'ombe. Eni chilumba sawerenga zimenezo. Amalowa, n'kupereka moni, n'kufunsa za ana ndi za mwendo wa agogo uja unkatupa, kenako amafunsa funso limodzi basi: "Lero mwaphika chiyani?" Mukaona munthu waima pakati pa nyumba, manja m'chiuno, akuwerenga khomalo mzere ndi mzere, dziwani kuti ameneyo watsika sitima m'mawa womwewo.

Kawirikawiri amakhala bwana wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Wabwera ndi anzake a kuntchito kudzachititsa msonkhano wa masiku atatu, kapena wangoti tchuthi chino akaoneko tchalitchi cha St Peter's, chimphona chija amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Zonsezo n'zonamizira chabe. Chimene chamuwolotsa nyanja ndi chambo. Anzake otsala ku ofesi anawauza kale kuti iye akukadya nsomba yongovuulidwa kumene, ikuphiriphithabe, osati zouma gwa zija za m'firiji m'masitolo a m'tauni.

"Psss! Asisi! Chambo chachikulu chowotcha, ndi tchipisi. Mwachangu."

Mtsikana woperekera zakudya amamaliza kaye tebulo limene amapukuta. Kenako amabwera, n'kupinda bondo pang'ono. "Mwaswera bwanji, bambo?" Bwana amabwereza za chambo. Mtsikana amabwereza moni. Kachitatu bwana amazindikira kuti pano palibe chimene chiyende asanayankhe, ndiye amati waswera bwino, kaya iwo.

"Taswera. Chambo chatha, bwana."

"Chatha liti? Si 11 koloko ino?"

"Chinatha kale ndithu."

"Nkhuku?"

"Ili m'sitima, sanatsitse."

"Ng'ombe?"

Apa kukhitchini kumamveka kuseka kwa munthu amene sakuoneka. Zilipo ndi usipa, chigwada chotendera ndi nsima ya kondowole.

Mtsikanayo sakunama, ndipo khomanso silikunama kwenikweni; limangonena zimene zimapezeka zinthu zikayenda bwino. Likoma ndi kachilumba ka masikweya kilomita 18, ka miyala, mchenga ndi milambe. Pa kalembera wa 2018, boma lonse la Likoma, kuphatikizapo chilumba cha Chizumulu, linali ndi anthu opitirira 14,000. Nthaka yotere singadyetse anthu onsewo. Chinangwa chimalola, mango amabereka mpaka kuwolera pansi, koma chimanga, kabichi, anyezi, mbatatesi, mafuta ophikira, shuga ndi makireti a zakumwa zimachita kuwoloka kuchokera ku Nkhata Bay. Nkhuni zambiri zimabwera pa mabwato a matanga kuchokera ku Mozambique, poti gombe la Cobue likuonekera pompo, ndipo madzi ozungulira chilumbachi ndi a dziko limenelo. Maboti ena amathandizako, koma mayi wa zonse ndi sitima ya Ilala, imene inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Imadutsa kawiri pa sabata, popita kumpoto ndi pobwerera ku Monkey Bay. Ikangokocheza, mapoto a pa Mbamba amanona masiku awiri. Akatha masiku amenewo, menyu imayamba kufota kuchokera pamwamba.

Choncho nkhuku imene bwana akuililira wayenda nayo ulendo umodzi. Iye anali pamwamba, m'kalasi yoyamba, akujambula dzuwa likutuluka. Iyo inali pansi, m'bokosi la ayezi, pakati pa matumba a simenti ndi njinga yamoto ya munthu wina. Onse anakwerera pa Nkhata Bay, ndipo mwina onse anachokera ku Lilongwe.

Za chambo ndiye nkhani ina. Chambo chimakonda madzi osaya a kummwera, ku Mangochi, ku Malombe, ku Salima, ndipo ngakhale kumeneko chinayamba kusowa kalekale. Kuzungulira Likoma madzi ndi akuya ndipo pansi ndi pamiyala, kwawo kwa utaka, usipa, ncheni, kampango ndi timbuna tokongola tija amatumiza kunja kuti anthu azitiweta m'magalasi. Kampango wabwino akakodwa safika 11 koloko. Amagulidwa pagombe dzuwa lisanatenthe, ndi amalonda kapena anyamata otumidwa ndi malo ogona alendo. Usipa womwewo uli ndi malamulo ake. Asodzi amaukopa usiku ndi nyali, ndiye mwezi ukawala kwambiri, usipa sulabadira nyali za munthu. Mwera ukavuta, makamaka mu Juni ndi Julayi, mabwato amagona pamchenga. Bwana akhoza kuitanitsa mwini lesitilanti kuti alankhule naye, monga amachitira ku Area 10, koma oyang'anira khitchini enieni pano ndi mwezi ndi mphepo, ndipo awiriwa alibe ofesi yolandirira madandaulo.

Akagonja n'kuitanitsa usipa, amauzidwa kuti zipsa pompano. Posakhalitsa amaona kamnyamata kakutuluka ndi mbale yopanda kanthu. Patapita nthawi kakubwerera ndi matimati atatu. Kakutulukanso, kakubwera ndi mafuta oyeza m'kapulasitiki. Ndi pamene utsi ukuyamba kufuka kuseri kwa nyumba. Anthu a pano, ndi alendo amene anachenjera, amadzera m'mawa kudzanena kuti masana adzadya, n'kupita kukasamba kunyanja. Bwana ayi. Amayang'ana wotchi, amagogoda tebulo ndi kiyi wa galimoto imene anaisiya ku Nkhata Bay, n'kulengeza kuti iye ndi munthu wotanganidwa. Palibe amamutsutsa. Anthu amangodabwa chamumtima kuti akuthamangira kuti, pachilumba choti munthu amachoka ku Makulawe wapansi n'kufika ku Nkhwazi dzuwa lisanapendeke, chikhalirecho sitima yobwerera ili masiku angapo kutsogolo.

Podikirapo amafunsa ngati chozizira chilipo. Mtsikana sayankha ndi pakamwa. Amabweretsa botolo n'kumugwiritsa pa dzanja kuti aweruze yekha. Bwana amaligwira, amalitembenuza, amapempha lina. Lachiwiri limachokera m'kireti yomweyo, koma poti wasankha yekha, amavomera kuti ili ndiye bola.

Kondowole akafika, sewero lenileni limayamba. Nsima imeneyi imachokera ku chinangwa chosenda chimene chaviikidwa m'madzi masiku angapo kuti ululu wake uchoke, kenako n'kuchiyanika ndi kuchisinja, ndipo kafungo ka kuviikako sikachoka konse. Imabwera yonyezimira, yotuwa, yolemera, ndipo imakakamira mbale ngati wangongole pakhomo tsiku la malipiro. Bwana amaiyang'ana atakwinya mphuno n'kufunsa kuti kodi chimenechi n'chiyani. Amapempha foloko. Foloko imalowa bwinobwino, koma potuluka imanyamula mtanda wonse pamodzi ndi mbale, khosi lake n'kupindika.

Patebulo loyandikana sipalephera kukhala gogo wina wa tayi ndi jekete, mphunzitsi wopuma, akumwa tiyi pang'onopang'ono. Likoma inalandira sukulu za mishoni kale kwambiri, ndipo nkhalamba zake zimalankhula Chingelezi cha m'buku. Bwana akayamba kudandaula m'Chingelezi kuti nyumba yonse imve, gogoyo amamukonzera mneni mmodzi mwaulemu, kenako n'kumulangiza: "Mwananga, nyowetsani zala. Temani pang'ono, mupotokole. Osatafuna, kungomeza basi."

Malangizowo mwina ndi osafunika n'komwe. Ikafika mbamu yachitatu, dzanja la bwana layamba kugwira ntchito palokha: chala chachikulu chikuboola kadzenje kotungira msuzi, mkono ukupotokola mwaluso loti munthu sangaphunzire tsiku limodzi. Gogo amaona, n'kufunsa kuti kwawo n'kuti.

"Ku Lilongwe."

"Iyayi, kwanu kwenikweni."

Bwana amatsokomola pang'ono. Kwawo ndi ku Chintheche. Anakulira kondowole yemweyu mpaka tsiku limene anasankhidwa kupita ku sekondale. Amaitanitsa mtanda wina, motsitsa mawu.

Adona a m'gulu lomwelo nawonso ali ndi mwambo wawo. Beseni ndi jagi zikabwera amakana, n'kutulutsa m'chikwama kabotolo ka mankhwala opaka m'manja. Amapukuta supuni ndi tishu, amafunsa ngati madzi akumwa ndi ogula, amauza aliyense kuti iwo masiku ano sadya zambiri. Koma tsiku limenelo mwamwayi kukapezeka mutu wa kampango, mubwere mudzaone pakatha mphindi 20. Patsala timafupa toyera mbee, tosanjidwa bwino m'mphepete mwa mbale, ndipo mphaka wa palesitilanti wachokapo wokhumudwa.

Azungu oyenda ndi zikwama kumsana amabwera ndi vuto losiyana: iwo akufuna chimene bwana akuchikana. Ayenda mtunda wautali kuchokera kumene akugona, afiira ndi dzuwa, kudzafuna chakudya chimene eni ake amadya, ndipo mukawapatsa tchipisi amakhumudwa. Usipa amaujambula mbali zonse mpaka kuzizira, n'kufunsa ngati mutu umadyedwanso. Amatema nsima ndi dzanja lamanzere, ana osuzumira pawindo n'kumagwa nako kuseka. Amathokoza kasanu pa mbale imodzi. Wina amati sadya nyama kapena nsomba, ndiye amapatsidwa nyemba. Koma mayi wophika, pomvera chisoni mwana wa eni wowonda chonchi, amamubisira tiusipa tiwiri pansi pake. Nyengo ya nkhungu, tizilombo touluka tija timatuluka m'nyanja m'chimtambo chakuda, anthu amatikola n'kuumba timikate toderako. Sipalephera mlendo woluma kamkate kameneko akuyesa ndi keke ya chokoleti. Amameza mwaulemu, misozi ili m'maso, n'kunena kuti n'zokoma kwambiri.

Pamene mzungu akulimbana ndi kondowole pa Mbamba, bwana ndi gulu lake akwera njinga zamoto kulowera kumene mzunguyo wachokera, kumalo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja kumene mitengo ya zakudya imalembedwa m'madola. Kampango uja anasowa m'mawa amapezeka kuno, atadulidwa kachidutswa kakang'ono, atakhazikidwa pakati pa mbale yaikulu yoyera, katsamba kali pamwamba. Bwana amawerenga menyu mpaka kumapeto, milomo ikugwedera posintha madola kukhala makwacha, kenako amauza woperekera zakudya kuti iwo adya kale. Amaitanitsa Fanta mmodzimmodzi. Fanta ameneyo amakhala maola atatu, ndipo amalowa m'zithunzi zonse zimene zikafike pa Facebook netiweki ikalola.

Njala imawabweza pa Mbamba pomwe paja. Pofika tsiku lachitatu bwana amalowa ndi moni, khoma saliyang'ananso, ndipo foloko sapempha.

Chimene sichisintha ndi nthawi yolipira. Bilu ya masiku onse ikafika patebulo la anthu asanu, manja asanu amalowa m'matumba nthawi imodzi, ndipo onse amachedwa kutuluka. "Siyani, achimwene, ndilipira ine." "Ayi bwana, simungatero, njinga zija munalipira ndinu." Mkangano ndi waukulu, koma chikwama cha ndalama sichikuoneka. Mmodzi amati atumiza pafoni. Amakweza foni m'mwamba, amatuluka panja, amakaima pansi pa mlambe, n'kubwera ndi nkhani yoti foni yake yakoka netiweki ya ku Mozambique. Wina amakumbukira mwadzidzidzi kuti sanasambe m'manja bwinobwino. Mapeto ake amalipira ndi kalaliki wamng'ono pa onse, amene alawansi yake ndi yochepa kuposa ya aliyense, akulu onse akumulonjeza kuti akambirana akafika ku ofesi. Chenji palibe, amapatsidwa mango anayi.

Anzake akatuluka, bwana amatsalira m'mbuyo n'kupita pakauntala pamene pakhala mwini lesitilanti, mayi wachikulire amene Lamlungu lililonse amakhala benchi lakutsogolo m'tchalitchi. Bwana amawerama, n'kutsitsa mawu. Akufuna lisiti, lolembedwa m'dzina lake. Ndipo ngati n'kotheka, amayi alembepo chambo, mbale zisanu, masiku atatu, pa mtengo wa chambo. A zachuma kuntchito sakafunsa zambiri.

"Chabwino, bambo, ndakumvani."

Mayiyo amavala magalasi, amatsegula kabuku ka malisiti, amayala kaboni bwinobwino, n'kulemba pang'onopang'ono ndi zilembo zopendekera za kusukulu ya mishoni. Amafunsa mtsikana uja kena kake, amawerenga pa zala, amalembanso. Amadinda, amang'amba, n'kupereka ndi manja awiri. Palembedwa dzina la kalaliki. Pansi pake: usipa, chigwada, mutu wa kampango umodzi, kondowole mitanda 23. Mzere womaliza uli pawokha, ndipo umenewo ndiye sunalipiridwe: foloko imodzi, yopindika.