Zithunzi za Amayi Zinathera M'manja Mwanga

Ine ndi amene ndinafufuta zithunzi za amayi anga. Abale anga akudziwa, chifukwa ndinawauza, ngakhale kuti ndinachedwa kutero. Ndaganiza zouzanso anthu ena chifukwa ndikuona ambiri akusunga nkhope za makolo awo m'timakina tam'thumba, mtima uli m'malo, monga mmene wanga unalili.

Kwathu ndi ku Chitala, m'boma la Salima, kufupi ndi msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota. Dera lathu limadziwika ndi malo a kafukufuku wa zaulimi, kumene akatswiri amayesa mbewu zosiyanasiyana, moti mtundu wina wa mtedza anautcha dzina loti Chitala. Tili ana, wojambula ankabwera pa njinga, kamera ya filimu ili lendelende m'khosi. Ukajambulitsa unkadikira kuti filimuyo ithe, mwiniwake apite nayo kutauni kukatsukitsa, ndipo pakapita masabata ankabwera ndi zithunzi mu envulopu. Kudikirako kunali kowawa, koma pamapeto pake munthu unkagwira chinthu m'manja n'kuchipachika pakhoma kapena kuchisunga m'Baibulo.

M'chaka cha 2011 mlamu wanga amene ankagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera kakamera ka digito, kasiliva, kolowa m'thumba la malaya osaonekera. Nthawi imeneyo timakamera totere tinali ponseponse. M'chaka cha 2010 chokha makampani a makamera, makamaka a ku Japan monga Canon, Nikon ndi Sony, anatumiza kumisika makamera a digito oposa 120 miliyoni, ndipo akale ankagulitsidwa motchipa. Kanga kanali kakaunjika, kopanda buku la malangizo. Mlamu anangondilozera mabatani atatu.

"Mlamu, apa n'poyatsira, apa n'pojambulira, apa n'poonera. Enawa musawakhudze."

Kakamerako kanandiphunzitsa zambiri. Kankadya mabatire awiri a AA, ndipo a wailesi otchipa aja, ogula kugolosale pa Khombedza, sankalimba. Ukangoyatsa fulashi kangapo kankazima, chifukwa kamera imakoka mphamvu yambiri nthawi imodzi. Ndinaphunzira kugula mabatire otchajanso n'kumakatchajitsa kwa mnzanga wamagetsi. Dzuwa la ku Salima likafika pamutu, pagalasi loonera sipankaoneka kanthu kufikira utaphimba ndi chikhatho. Mphunzitsi wina wakwathu, amenenso anali ndi kake, anapita ndi ana asukulu ku Senga Bay, mchenga n'kulowa m'mphepete mwa diso la kamera lija limatuluka ndi kubwerera lokha. Linakakamira panja mpaka kalekale. Nditamva zimenezo ndinayamba kusunga kanga m'sokosi yoyera, ndipo ndinkadziona kuti ndine munthu wosamala.

Chimene sindinasamale ndi memori kadi. Kompyuta ndinalibe, ndiye chilichonse chimene ndinajambula chinkangokhala momwemo: ubatizo, mpira wa achinyamata, munda wa thonje wa achimwene, mbuzi zimene mnansi ankafuna kugulitsa. Ndinkanena kuti ndipita kukatsukitsa, koma chaka chimenecho mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno. Magalimoto ankagona pamizere, maminibasi anachepa, mtengo wokwerera unakwera, ndipo ulendo wa ku Lilongwe, womwe ndi wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima, unasanduka nkhani yoyamba waiganizira. Ndinkangoti mwezi wamawa.

Amayi ankakana kujambulidwa. Ndikawalozetsa kamera ankabisa nkhope ndi nsalu, amvekere, "Ukufuna kundisunga papepala ngati ndafa kale?" Chithunzi chawo chimodzi chokha chinali cha pachiphaso chovotera cha chisankho cha 2009, chaching'ono, chakuda bii.

Mu Okutobala kunali chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, mdzukulu woyamba wa amayi. M'mawa wa tsikulo, anthu asanachuluke, amayi anatuluka atavala chitenje chatsopano ndi duku lofanana nacho, n'kukhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Anandiitana okha.

"Mwananga, bwera nako kanthu kako kaja. Lero undijambule, ndatchena."

Ndinawajambula ali okha, kenako ali ndi adzukulu, kenako ali ndi lichero la mtedza pamiyendo akusenda, chifukwa manja awo sankadziwa kukhala chabe. Nditawaonetsa pagalasi anayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti akufanana ndi mayi awo, agogo athu amene ife sitinawaone. Anaseka, anaitana achemwali kuti nawonso aone. M'mawa umenewo ndi umene ndinamva kuti kakamerako kagwira ntchito yake.

Masana mwambo unatentha. Achimwene aakulu, monga nkhoswe yakuchikazi, anakhala kutsogolo moyang'anizana ndi ankhoswe akuchimuna. Atsikana anabwera ataphimbidwa ndi nsalu kuti mnyamata asankhe wake, amayi a m'mudzi akululutira. Itakwana nthawi yosinthana nkhuku, tambala ndi thadzi, ndinadina batani koma kamera inakana. Pagalasi panalembedwa kuti kadi yadzaza.

Ndinayamba kufufuta zithunzi za mbuzi chimodzichimodzi, koma zinkachedwa, ndipo anthu ankandikodola kuti ndifulumire nkhuku zisanachoke m'manja mwa ankhoswe. Thukuta linali kamukamu, dzuwa likuwala pagalasi. Ndinalowa m'mabatani aja mlamu anandiletsa, kufunafuna njira yachidule, mpaka ndinafika pamene panalembedwa kuti Format. Kamera inandifunsa funso m'Chingerezi. Sindinaliwerenge lonse. Ndinavomera. Nthawi yomweyo nambala ya zithunzi zimene ndikanatha kujambula inakwera kufika mazanamazana, ndipo ndinasangalala poganiza kuti kamera yakonza malo. Ndinajambula nkhuku, khasu, nkhwangwa, mphika ndi mthiko zimene ankapatsana. Pa perekaniperekani ndinajambula vidiyo yaitali, anthu akuvina ndi kufupa, mpaka dzuwa kulowa.

Madzulo ana anandizungulira kuti aone agogo awo. Ndinabwerera m'mbuyo chithunzi ndi chithunzi mpaka ndinafika pa tambala ali m'manja mwa achimwene. Nditadinanso, kamera inalumphira ku chithunzi chomaliza. Ndinayesa kawiri, katatu, manja akunjenjemera. Zonse za m'mawa, ndi zonse za miyezi yam'mbuyo, kunalibe. Ndinazimitsa kamera n'kuuza anawo kuti mabatire atha.

Apa ndi pamene panayambira kulakwa kwanga kwenikweni. M'mawa mwake amayi anali pakhonde pomwepo, chitenje chija chili pachingwe. Ndikanatha kugwada n'kuwauza kuti zithunzi zatayika, tijambulenso. Mwina akanandikalipira, mwina akanaseka. Koma ndinachita manyazi. Mudzi wonse unkanditenga ngati wodziwa za makina, ndipo sindinafune kuti achemwali amve kuti ndinaononga chinthu chimene amayi anapempha okha. Ndinadziuza kuti pa Khirisimasi adzavalanso bwino, ndidzawajambula mwakachetechete, palibe adzadziwe.

Mvula yoyamba itagwa amayi anadwala, ndipo Khirisimasi sanaione. Pamaliro achimwene anandikokera pambali n'kundifunsa chithunzi choika pabokosi. Ndinawayankha kuti kadi ili ku Lilongwe, ikutsukidwa. Anakakulitsa cha pachiphaso chovotera chija. Chinatuluka chosaoneka bwino, moti ena mwa olira ankachiyang'ana n'kupukusa mutu. Ine ndinakhala pakati pa amuna, kadi ili m'thumba la jekete langa.

Chaka chotsatira, mafuta atayamba kupezeka, ndinapita nayo ku Lilongwe kumalo otsukira zithunzi. Mnyamata amene ndinamupeza anamvetsera nkhani yanga mpaka kumapeto, kenako anandifunsa chinthu chimodzi.

"Bambo, mutafufuta munajambulanso?"

Nditavomera anapumira m'mwamba. Anandifotokozera kuti m'makamera ambiri a mtundu umenewo batani lija silichotsa zithunzi nthawi yomweyo. Limachotsa ndondomeko imene imauza kamera pamene chithunzi chilichonse chili, n'kuiuza kuti malo onse ndi opanda kanthu. Ndinazimvetsa pokumbukira timinda ta kafukufuku ta kwathu: munthu atazula zikwangwani zonse zolembapo mayina a mbewu, mtedza umakhalabe m'nthaka, ndipo wodziwa akhoza kuufukula. Koma ukalowetsamo khasu n'kubzala zina, watha. Ndikanachotsa kadiyo nthawi yomweyo n'kuisunga, mapulogalamu apakompyuta akanatha kubweza zithunzi zambiri. Nkhuku zija, makasu aja, makamaka vidiyo ya perekaniperekani imene inadya malo aakulu, zinakhala pamwamba pa amayi.

Anayesabe. Anabweza mbuzi zingapo ndi munda wa thonje. Pa zithunzi za m'mawa uja panatuluka chimodzi chokha, chodukiza: kumwamba masamba a mango ndi nsonga ya duku, kunsi konse kotuwa. Ndinamulipira kuti achitsuke chomwecho.

Ndinabwerera nacho kumudzi n'kuitana achimwene ndi achemwali. Ndinayala chithunzi chodukacho pamkeka n'kunena zonse, kuyambira pa batani mpaka bodza la pamaliro. Achemwali analira, anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo panapita nthawi yaitali asanandilankhulenso momasuka. Sindiwaimba mlandu. Iwo ndi amene anaona zithunzizo pagalasi m'mawa uja, ndipo anakhala miyezi yonseyo akudikira envulopu. Achimwene anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati:

"Mphwanga, za batanizo aliyense zikanamuchitikira. Koma ukanatiuza m'mawa mwake, mayi anali moyo."

Mawu amenewo ndi oona, ndipo ndimayenda nawo mpaka lero. Kadi inataya zithunzi kamodzi, masana a chinkhoswe. Mpata wozibwezeretsa unalipo kwa masabata ambiri, uli pakhonde ukusenda mtedza, ndipo umenewo ndinautaya ndekha poopa kuoneka wosadziwa.

Timakamera tija tinatha m'matumba mwa anthu. Mafoni anatilanda ntchito, moti makamera a digito amene makampani aja amatumiza pachaka masiku ano safika 10 miliyoni. Koma vuto langa lija langosamukira m'foni. Msodzi foni imamugwera m'nyanja, mayi amaberedwa pamsika wa Kamuzu Road, mnyamata amapita kukafulashitsa foni yovuta n'kubwerako ilibe kanthu. Onsewo amataya maukwati, ana akhanda ndi nkhope za anthu amene sadzabweranso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Chithunzi chimene chili pamalo amodzi okha, m'kachipangizo kamodzi, chidakali pachala.

Choncho ndikupempha zinthu zimene ine sindinachite. Zithunzi za makolo anu musadikire nazo kuti zichuluke. Sankhani zingapo mukatsukitse papepala ulendo woyamba umene mwapita kuboma. Zotsalazo zikhale m'malo awiri, ngakhale kungotumizira mbale wanu pa WhatsApp, podziwa kuti zikamadutsa kumeneko zimachepako kuwala kwake. Makina akakufunsani funso limene simunalimve, kanani, ngakhale anthu akukukodolani. Nkhuku za pachinkhoswe ankhoswe akhoza kuzigwiranso kachiwiri. Mukafufuta mwangozi, zimitsani, chotsani kadi, musajambulenso kanthu mpaka wodziwa ataiona. Ndipo chikaonongeka m'manja mwanu chinthu chimene ndi cha banja lonse, nenani tsiku lomwelo, eni ake akadali ndi mpata wochikonza.