Ulemu kwa a Bwato, aphunzitsi a kugwa

Anzathu a kumayiko ozizira ali ndi tchuthi chodabwitsa. Chisanu chikafika pachimake, mapiri atayera mbuu, amalipira ndalama zankhaninkhani kuti amange timatabwa tiwiri kumapazi, agwire ndodo ziwiri, azitsetsereka m'nkhalango. Ku Sweden akatswiri ake amapikisana pa Vasaloppet, mtunda wa makilomita 90 kuchoka ku Sälen mpaka ku Mora, ndipo anayamba kale mu 1922. Wophunzira kumene sakhala ndi zonsezo. Iye amagwa, kudzuka, kugwanso mwendo wina uku wina uko, kenako n'kujambulitsa. Ngakhale ku Lesotho, m'mapiri a Maluti, kuli malo otchedwa Afriski komwe anthu amakagula kugwa mu Juni ndi Julayi.

Ife tisasirire. Miyezi yomweyo, mwera ukamaomba, kuno ku Mangochi tili ndi aphunzitsi a kugwa oposa onsewo, ndipo safuna ndalama zakunja. Ndikunena a Bwato, ana a mtengo, osemedwa ndi nkhwangwa ndi sompho. Wawa, a Bwato!

Tayambani mwaona maonekedwe awo. Mimba yaikulu, kamwa lopapatiza, mpando palibe. Munthu umakhala pamwamba pa milomo yawo, miyendo ili mkati, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo kunsi kwawo n'kobulungira bwino lomwe kuti ukangoganiza zopendekera, iwo akhale atapendekera kale. Kodi alipo mphunzitsi wina womvera wophunzira wake msanga chotere?

Wophunzira wawo wapamtima ndi bwana wochokera ku Area 47 kapena ku Namiwawa, wafika Lachisanu, wadya chambo ndi nsima, Loweruka m'mawa akuyenda pamchenga pa Chembe. Waona kamnyamata ka Sitandade 4 kakupalasa kali chilili, kwinaku kakutafuna chinangwa. Mumtima akuti, zimenezi basi?

“Ankolo, foniyo ndi makiyi musiye kumtunda.”

“Iwe, ndayamba kuyendetsa galimoto usanabadwe.”

Kamnyamata sikatsutsa akuluakulu. Kawagwirira bwato, kawapatsa nkhafi, kawakankha pang'ono. Apalasa kumanja, bwato ukulowera kumanzere. Asinthira kumanzere, wayamba kuzungulira, moti akuyang'ananso gombe lomwe achokera, pomwe akazi awo akweza foni kuti ajambule. Mawondo ayamba kunjenjemera, ndipo a Bwato, poti ndi achifundo, akunjenjemera nawo limodzi. Kafunde kamodzi ka mwera kangowasisita m'nthiti. Chubwi! Amayi otsuka mbale pagombe akuti “Pepani bambo, pepani,” nkhope atazibisa m'zitenje, mapewa okha akugwedezeka. Chipewa chija chanyamuka chokha ulendo wa ku chilumba cha Thumbi.

Apa ndi pomwe ndimawavulira chipewa changa a Bwato: chilungamo. Salandira chiphuphu. Sadziwa mlembi wamkulu wa unduna, sadziwa abusa kapena ashehe, satifiketi ya ku Chancellor College saiwerenga. Amene wakhala mokhota amagwa, basi. Ndi maofesi angati m'dziko muno amene munganene zomwezo?

Komanso kugwa kwawo kuli ndi phindu. Madzi athu saundana, sathyola mwendo. Ukagwera pafupi ndi miyala ya pa Otter Point umatsegula maso m'madzi n'kuona mbuna zobiriwira ndi zachikasu, nsomba zomwe zinachititsa kuti dera lino likhale Lake Malawi National Park mu 1980, bungwe la UNESCO n'kulilemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Alendo akunja amachita kubwereka magalasi kuti azione. Wophunzira wa a Bwato amaziona ulere, ndipo amamwerako ndi madzi ake. Za likodzo tisanene, adzamwa mapiritsi akabwerera kutauni. Wofuna kumaliza maphunziro mwachangu akayesere mu Shire, kumunsi kwa mlatho wa Bakili Muluzi. Kumeneko mvuu ikangofwenthera kamodzi m'bango, munthu amadziwa kupalasa tsiku lomwelo.

Wachiwiri wawo pasukuluyi ndi a Mwera, mphepo yochokera kummwera yomwe imalamulira nyanja nyengo yozizira. Amenewa si ocheza nawo. David Livingstone, yemwe anafika kuno mu 1859, anaitchula nyanjayi kuti ya namondwe, ndipo pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi pali chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Nyanja yomweyo, asodzi amailowa usiku ndi usiku pa chikuni chong'ambika, chomatidwa phula, chokhomedwa zigamba za malata, kwinaku akukapa madzi ndi chigubu chodula pakati. Nyali zomwe ankolo aja amazisirira madzulo ali pa khonde la loji, botolo lili m'manja, n'kumati kutsidya kuli mzinda, ndi a Bwato amenewo ali pantchito, akuitanira usipa ku chilimira. M'mawa ankolo omwewo, chikhatho chili matuza okhaokha, amapita pa thandala kukanenerera mtengo wa usipa mpaka thukuta. Koma ndaona kuti amene anagwapo amanenerera motsitsa mawu.

Chondidandaulitsa n'chakuti aphunzitsiwa akutha. Mitengo ikuluikulu yosemera yasowa m'mapiri, asodzi opezako bwino akugula maboti a matabwa okhala ndi injini, ndipo malo ogona alendo adzaza ndi timabwato ta pulasitiki tofiira ndi tachikasu, tokhala ndi mpando ndi potsamira pomwe. Timeneti n'tabodza. Munthu amapalasa ola lathunthu osanyowa, n'kubwerera ku Lilongwe akukhulupirira kuti nyanja amaidziwa, mawa lake ali pamsonkhano akulangiza asodzi.

Choncho ndikupempha, zisanathe: aliyense wofuna uphungu wa dera la m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay, ayambe wapalasa yekha kuchoka pa Chembe kukafika pa Thumbi, mwezi wa Julayi, atavala suti yake ya kampeni. Anyamata omuvuula akhale pafupi, sitikufuna maliro. Koma asanamutambasulire nkhafi, ayambe amufunsa mtengo wa ukonde.