Ku Boston mkangano wa Brexit sukuzirala

Mukafuna kuutsa phokoso pamsika wa Boston, tauni ya alimi ku Lincolnshire m'dziko la England, ingotchulani Brexit. Pa referendamu ya pa 23 June 2016 kunalibe dera lina lomwe linaposa lino pokana European Union: ovota atatu mwa anayi alionse anati tituluke, pomwe m'dziko lonse la United Kingdom otuluka anapambana ndi mavoti 52 okha pa 100.

Bambo wina wachikulire amanyadira pasipoti yake yabuluu yomwe inabwera ndi Brexit, akuti ndiwo ufulu womwe ankaufuna. Mnzake amafa nazo nseko, nkumuuza kuti pasipotiyo amaipangira ku Poland, ndipo akapita nayo kukaothera dzuwa ku Spain masiku 90 akakwana azilongedza. Amatsutsana mpaka tiyi kuzizira, mawa lake ali limodzi pomwepo.

Nkhani imene imavuta ndi ya basi yofiira ija ya ofuna kutuluka, yomwe inalembedwa kuti mapaundi 350 miliyoni amapita ku European Union sabata iliyonse, bola apite kuzipatala za boma za NHS. Mayi wina woyenda ndi ndodo, yemwe akudikirabe opaleshoni ya bondo, amafunsa aliyense kuti kodi basi ija inafera pati. Anthu amaseka, koma funso lake ndi loona.

Alimi a kabichi nawo akudandaula kuti anyamata a ku Poland ndi Lithuania, omwe ankakolola m'chisanu chopweteka zala, sakubweranso ngati kale. Ena amayankha kuti ndi zomwe tinkafuna, alendo achepe. Apa mpamene pali nkhani yokoma: dziko la United Kingdom litatuluka pa 31 January 2020 alendo anachita kuchuluka, kungoti ankachokera ku mayiko monga India, Nigeria ndi Zimbabwe. Mu 2022 boma linatsegula ma visa a ntchito yosamalira okalamba, ndipo Amalawi ena anadutsira pomwepo. Agogo amene anavota kuti mageti atsekedwe lero akumwetsedwa mankhwala ndi mtsikana wa ku Harare, ndipo amamukonda zedi.

Ine sinditenga anthuwa ngati opusa. Malipiro ochepa, lendi yokwera ndi mzere wa kuchipatala zinkawapweteka ndithu, ndipo andale anawaloza ku Brussels, likulu la European Union, kuti ndiko kuli mfiti. Mavutowo akadalipo, mkwiyonso sunathe. Pachisankho cha 2024 dera la Boston ndi Skegness linasankha Richard Tice wa chipani cha Reform UK kukhala phungu wawo.