Kawonongedwe Koyenera ka Ulendo wa Panjinga Kuchokera pa Boma la Rumphi Kukafika ku Khondowe

Kuwononga ulendo wa panjinga m'boma la Rumphi kumafuna dongosolo. Malowo ali nazo kale zipangizo zonse: chigwa chachitali cha Henga, mtsetse wa Chiweta ndi chitunda cha Gorodi. Chatsala ndi chakuti inuyo muchite mbali yanu mosaphonyetsa. Njira yathu inyamukira pa boma, idutsa pa Njakwa pomwe mtsinje wa South Rukuru umafinyika pakati pa mapiri, ilowa mumsewu wa M1, itsikira kunyanja, kenako ikwera ku Livingstonia.

Yambani ndi njinga. Musapite nayo kwa amakanika. Njinga yomwe yakhala pakhonde kuyambira dzinja latha yapuma mokwanira, ndipo dzimbiri lomwe lili patcheni ndi umboni wa kukhwima. Masipoko awiri kapena atatu akakhala othothoka, njinga imapepuka. Tayala losalala ngati chipumi ndilo lofunika, chifukwa mizeremizere ya tayala latsopano imagwira msewu, ndipo kugwira msewu kumachedwetsa. Chishalo chikagwedera, chimangeni ndi legeni. Pampu, zigamba ndi sipanala zisiyeni kunyumba. Munthu wonyamula zigamba amakhala ngati akuitana minga.

Nthawi yonyamukira isankhidwe mosamala. Mwezi wabwino ndi Okutobala, ola labwino ndi 11 koloko m'mawa. Amene amanyamuka tambala woyamba amafika ku Phwezi kukadali kozizira, ndipo amamanidwa mwayi woona phula likunyezimira ngati madzi. Valani jekete lakuda. Madzi musatenge. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo thupi la munthu lili ndi madzi ambiri kale. Chakudya cham'mawa chidumpheni. Mukadutsa pa Mzokoto miyendo iyamba kukokana, lilime liuma, maso ayamba kuona timadontho takuda. Izi zikusonyeza kuti thupi lataya madzi ndi mchere pamlingo womwe timafuna.

Mukafuna kudziwa mtunda wotsala, funsani munthu mmodzi yekha. Musamupatse moni, ngakhale kuti kuno "monire" ndiye amatsekula pakamwa pa munthu. Akakuyankhani kuti "pafupi waka", lembani yankholo ngati muyeso wotsimikizika. Amene wakuyankhaniyo anakulira m'mapiri a Phoka ndipo amakwera chitunda atasenza thumba la chimanga, choncho pafupi pake ndi pafupi panunso.

M'chigwa cha Henga phunzirani kakhalidwe ka pamsewu. Malamulo a dziko lino amati tiyende kumanzere. Inu yendani pakati, pamzere woyera, pomwe phula ndi losalala. M1 ndi msewu womwe mathanki a mafuta ndi malole ochokera ku Dar es Salaam amadutsa atalowera pa Songwe, ndipo pali malole a malasha ochokera ku Mchenga. Onsewa ali ndi mabuleki ndi mahutala, choncho udindo ndi wawo. Tsekani makutu onse awiri ndi nyimbo za pafoni. Lole ikamakwera chitunda pang'onopang'ono, igwireni kumbuyo ndi dzanja limodzi. Pamalo amenewo dalaivala sakuonani pagalasi lililonse, ndiye simumusokoneza.

Tsopano tafika pamutu weniweni wa phunziroli, womwe ndi mtsetse wa Chiweta. Apa msewu umachoka pamwamba n'kutsikira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi mokhotakhota, phiri mbali ina, phompho mbali ina. Ambiri amalephera kuwononga ulendo wawo pamalo ano chifukwa choima pamwamba n'kuyesa mabuleki. Inu musaime.

Mabuleki akonzedwe motere. Akutsogolo amasuleni. Ndi iwo amene ali ndi mphamvu zambiri zoimitsa njinga, chifukwa pomanga buleki kulemera konse kumakankhikira kutsogolo, ndipo mphamvu zoterozo n'zosafunika paulendo uno. Akumbuyo asiyeni ndi mphira zomwe zatha mpaka chitsulo chayamba kuonekera. Mukakoka, muzimva kulira kwa chitsulo pachitsulo, ndipo chogwirira chizifika mpaka pahandulo popanda chosintha. Waya wa buleki akhale wotsala tingwe tiwiri kapena titatu.

Ngati mwatsoka mabuleki anu ndi abwino, njira ilipobe. Agwireni osasiya kuyambira pamwamba mpaka pansi. Opalasa ozolowera amamanga mwamphamvu asanafike pokhota, n'kusiya kuti limu izizire, ndipo nthawi zina amaima kumene. Inu kokani pang'onopang'ono koma kosalekeza. Mphira ikamakhuzana ndi limu imatulutsa moto. Limu ikatentha, mphira imasalala n'kusiya kugwira, mpweya wa m'chubu umafufuma, ndipo chigamba chakale chimamatuka. Kuti zotsatira zifulumire, popani tayala mpaka lilimbe ngati mwala musananyamuke. Mukamva fungo la mphira wopserera, dziwani kuti makina akugwira bwino ntchito.

Mabuleki akatheratu, gwiritsani ntchito patapata. Kwezani phazi, lipondetseni patayala. Patapata imayamba yatentha, kenako imafewa, kenako kachingwe ka pakati pa zala kamazuka, ndipo patapatayo imatsalira pamsewu kumbuyo kwanu. Gawo lotsala limagwiridwa ndi chidendene.

Pokhota paliponse dulani njira. Lowani mbali ya magalimoto obwera kuti mtunda ufupike. Kuseri kwa thanthwe sikuoneka, ndipo chosaoneka sichiwerengedwa. Pena mupeza mchenga, timiyala togwa kuphiri kapena dizilo wotayikira pamsewu. Pamenepo ndi pomangira buleki mwadzidzidzi njinga itapendekeka. Maso anu akhale panyanja. Kuchokera pamwamba apa madzi amaoneka obiriwira mpaka kutsidya, ndipo njinga imapita kumene maso akuyang'ana. Chipewa choteteza mutu chimatenthetsa komanso chimawononga tsitsi, choncho chipachikeni pahandulo ngati munachigula kale.

Musaiwale anyani. Amakhala m'mbali mwa msewu wa Chiweta ndipo anazolowera zakudya zoponyedwa kuchokera m'mabasi. Mangirirani phava la nthochi pakeliyala, poonekera, ndipo muime pakati pawo kuti mujambule chithunzi.

Mukafika pansi muli ndi njinga yomwe ikugudubuka, musataye mtima. Pitirirani mpaka pa Chitimba. Kunyanja kuno kumatentha kuposa kumtunda, ndiye pumani padzuwa. Dikirani mpaka 4 koloko madzulo, kenako khoterani kumanzere muyambe Gorodi.

Gorodi ndi msewu wa miyala ndi fumbi wa makilomita pafupifupi 15, wokhala ndi ngodya 20 zokhota ngati chigongono, ndipo umakwera mamita oposa 700. Unalambulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Dr Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894. Galimoto zamphamvu zimaukwera pa giya yoyamba. Inu sankhani giya yolemera kwambiri yomwe njinga yanu ili nayo, ndipo ngati matayala anu ndi opyapyala, a mpikisano wa paphula, ndiye mwakonzeka bwino. Ngodya zitatu zoyamba zithamangeni ndi mphamvu zonse mutaimirira pamapedulo. Pofika pa ngodya yachinayi mtima udzakhala ukugunda m'makutu. Mukasintha giya, sinthani mukuponda mwamphamvu kuti tcheni chiduke bwinobwino. Chikaduka mwamasuka. Ngodya zotsalazo mudzaziwerenga mukukankha, ndipo kukankha kumapatsa munthu nthawi yodziwa mwala uliwonse.

Kuno mdima umagwa msanga, nthawi ikangodutsa 6 koloko. Nyali musakhale nayo, ndipo kagalasi kofiira ka kumbuyo kachotseni. Batire ya foni inathera nyimbo za ku Henga ndi chithunzi cha anyani, monga tinakonzera. Mathithi a Manchewe, omwe amagwa mamita pafupifupi 125, mudzawamva ndi makutu okha, ndipo izi zimapulumutsa nthawi yomwe alendo ena amataya poimirira n'kumayang'ana. Pamwamba pamazizira usiku. Jekete lakuda lija munalisiya pa Chitimba chifukwa cha kutentha, ndipo munachita bwino.

Pali msewu wina wopita ku Livingstonia kuchokera pa Njakwa, wodutsa ku Mhuju, womwe sufuna kuti mutsikire kunyanja n'kukweranso. Musaufunse. Musauzenso aliyense kunyumba njira yomwe mwadzera kapena tsiku lobwerera, kuti ofuna kukusakani ayambire ku Bolero.

Ulendo woyendetsedwa motsatira ndondomekoyi umathera malo awiri. Oyamba ndi chipatala cha David Gordon Memorial, chomwe chili pamwamba pomwepo ku Livingstonia. Achiwiri ndi kumbuyo kwa matola, mutakhala pathumba la ufa, njinga yanu itagonekedwa pamiyendo ya anthu ena. Pamatola njinga imalipiridwa payokha. Ndalama imeneyo musanyamule.