Mlandu suwola, nanga digiri?

Akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo ine ndinkayesa mawuwa adatsalira kubwalo la anyakwawa, pa nkhani za mbuzi yodya chimanga cha eni. Koma a bungwe loona za ngongole za ophunzira a m'mayunivesite, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, awudzutsa mwambiwu. Akusakasaka ngakhale amene adakongola m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya Kamuzu, anthu amene lero ali ndi imvi, mimba ndi zidzukulu. Munthu adaiwala kalekale dzina la mphunzitsi wake, koma kaundula wa ngongole sadaiwale lake.

Chondidandaulitsa n'chakuti makolowo sadatitchulire zinthu zimene zimawola. Kwacha imawola: mu November 2023 idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ikadali ndi bala la 25 peresenti la mu May 2022. Malipiro amawola mwezi usanafike pakati. Nanga digiri?

Taganizirani mnyamata amene wapita ku Chanco, ku Zomba, kukachita Social Science. Zaka zinayi akugona ku Chikanda, kudya soya ndi bonya, fizi ndi ndalama yodyera zonse zangongole. Tsiku lomaliza alowa mu Great Hall atavala gauni yobwereka, azakhali akulira nthungululu panja. Lamulo limupatsa zaka ziwiri zopumira asanayambe kubweza. Zaka ziwirizo amazithera polemba makalata ofunsira ntchito, ndipo pomwe zikutha amakhala katswiri weniweni: akhoza kukufotokozerani bwinobwino, ndi ma grafu omwe, chifukwa chimene iye mwini ali pa ulova.

Kenako mwayi ugwa. Bungwe lina likufuna achinyamata ochita kafukufuku kumidzi, ganyu wa masabata ochepa. Amupatsa tabuleti, chipewa ndi alawansi, n'kumutula ku Machinga pakhomo pa agogo ena.

"Agogo, sabata yathayi mwadyapo nyama kangati?"

"Kamodzi, mwanangu. Kunali sadaka."

"Muli ndi ziweto?"

"Timbuzi tiwiri ndi nkhuku izi mukuziona."

"Nanga ngongole muli nayo?"

"Ya banki m'khonde, koma nditha mwezi wa mawa ndikagulitsa nandolo. Nanga inu achimwene, mwavala bwinomu, muli ndi mbuzi zingati kwanu?"

Funso limenelo mu tabuleti mulibe. Koma usiku, ali gone kuresitihausi, mnyamata uja ayamba kudzifunsa yekha mafunso onse aja. Nyumba ndi yanu? Ayi, ndimagona pabalaza kwa amalume ku Area 25. Munda? Ayi. Ziweto? Udzudzu basi. Ngongole? Ilipo, ndipo yake sidikira nandolo. Akawonkhetsa apeza kuti agogo aja amuposa pa mzere uliwonse kupatula wa sukulu. Mtima uyamba kugunda: kodi sangalowe nawo pa Mtukula Pakhomo? Koma iye adaphunzira, akudziwa kuti ndalama imeneyo ndi ya mabanja osaukitsitsa omwe mulibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Iye mphamvu ali nazo zosefukira. Ngakhale mayeso a umphawi walephera.

Mnzake amene adalekeza Fomu 4 adakongola njinga yamoto, ndipo madzulo aliwonse amawerenga zake za kabaza. Anthu amakonda kuwayika awiriwa pa sikelo n'kuseka wadigiri. Ine sindiseka nawo msanga. Wanjinga akalephera kubweza, eni ake amabwera n'kuikankha, nkhani n'kuthera pomwepo. Wadigiri palibe chomulanda. Ndani angalowe m'mutu mwa munthu kukatulutsamo Durkheim ndi Karl Marx? Ndipo atawatulutsa, akawagulitsa msika uti, wa ku Limbe?

Apa ndiye pamene nthabwala imandithera. Pa kalembera wa mu 2018 tidapezeka kuti tapitirira 17.5 miliyoni, ambiri mwa ife ana. Pafunika wina wodziwa kusandutsa nambala imeneyo kukhala makalasi, zipatala ndi mijigo, wina womvetsa chifukwa chimene mtsikana amasiyira sukulu ali Sitandade 7. Ntchito imeneyo adaiphunzira ndi mnyamata wogona pabalaza uja. Dziko likuifuna, koma likuigula mwa ganyu, masabata atatu lero, miyezi isanu kuli zii. Ngongole yokha ndiyo idalembedwa ntchito yokhazikika.

Sindikuti asabweze. Ndalama imeneyo ndi yozungulira, ndipo akaikhalira, wovutika ndi mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene wasankhidwa chaka chino koma kwawo kulibe ndi ya basi yomwe. Ndikungoti posaka tiyambire kumene kuli mafuta. Alipo mabwana amene adaphunzira ndi ngongole yomweyi kwacha ikadali ndi mano, lero amakambirana za ulova wa achinyamata m'mahotela a ku Mangochi, alawansi ya usiku umodzi ikuposa zonse zimene adakongola. Amenewo akawakumbutsa amati, "Kodi zija sizinali zaulere?"

Mnyamata uja amuitananso sabata ino. Kafukufuku wake ndi wofuna kudziwa chifukwa chimene omaliza maphunziro a ukachenjede sakupezera ntchito, ndipo amuchenjeza kuti asadzifunse yekha, zotsatira zingakondere.