Galu Wonunkhiza Manambala

Padangokhala Njovu, mwini esiteti ya fodya wa bale ku Kasungu. Matenanti ake anali Nyani ndi Fulu, ndipo kalaliki anali Kalulu, yemwe ankawerengera malipiro ndi pulogalamu ya Python. Pakhomo pa pulogalamuyo pankagona galu, dzina lake mypy. Ntchito yake inali kununkhiza nambala iliyonse pulogalamu isanayambe kuyenda, n'kuuwa ikafuna kulowa khomo la eni.

Kalulu anatcha manambala ena Dola, ena Kwacha. Koma anali mayina ongocheulirana, aja amati type alias. Kunsi kwake onse anali float, fungo limodzimodzi.

Mabelo atachoka pa jeke anapita ku okushoni ya Chinkhoma, kumene fodya amagulidwa m'madola. Ngongole ya feteleza ndi chimanga inalembedwa m'makwacha. Kalulu analowetsa makwachawo pakhomo la madola osawasintha, galu n'kumangogwedeza mchira. Nyani, amene anagulitsa makilo 500 pa madola awiriawiri, anapeza 1,000, anamuchotsera 300,000, n'kuuzidwa kuti ngongole yatsala 299,000. Anakhala pansi m'chigafa, phula la fodya lili nda! m'manja, misozi ili chuchuchu.

Fulu anakwawa mpaka pakhonde pa Njovu.

"Bwana, galuyu si wolakwa. Dzina lokha silinunkha. Tigwiritse ntchito NewType, kuti Dola akhale mtundu wakewake, Kwachanso wakewake. Wofuna kudutsa ayambe wasinthidwa poyera. Ngakhale a NASA anataya chombo ku Mars mu 1999 chifukwa gulu lina linkayeza m'mapaundi, lina m'manyutoni."

"Zochedwetsa ntchito izo, bwana," anatero Kalulu. "Nambala ndi nambala."

Koma Njovu analola. Fulu anasintha mizere iwiri yokha, galu n'kudzambatuka: huu! huu! Anauwa pa dzina la Nyani, pa dzina la Fulu, ndi m'mabuku a zaka zam'mbuyo momwe.

Usiku Njovu anaitana Kalulu, anatseka chitseko. Anawerengera limodzi ndalama zoyenera kubwezedwa, ndipo Njovu anapukusa makutu nthawi yaitali.

Kutacha galu anali chete. Kumapeto kwa mzere uliwonse umene anauwapo kunali timawu tiwiri, type: ignore, tomuuza kuti apa usanunkhize. Fulu anasamutsidwira ku nazale, kutali ndi ofesi. Kalulu anakwezedwa kukhala kapitawo, ndipo Nyani anasainira chaka china kuti amalize ngongole.